Tambala wa M'sutikesi

Mpaka lero ndikadutsa pamene akumasula belo la kaunjika, fungo lija la mankhwala ndi chinyontho limandibweza ku Area 23, m'kachipinda kathu ka lendi, chaka chimene ndinali Sitandade 5. Inali Disembala ya mvula yosaleka. Zovala sizinkauma, makoma ankachita thukuta, ndipo madzulo ngumbi zinkadzadza pa babu la pakhonde. Diresi langa la Khrisimasi, lachikasu la kolala yoyera, limene amayi anandisankhira pa mulu mumsika, linali pa msomali kuseri kwa chitseko. Tinalichapa ndithu, koma linkanunkhabe belo. Ine ndinkalinunkhiza m'mawa uliwonse ndisanasukusule n'komwe.

Tinkakhala awiri, ine ndi amayi, chimwalirireni bambo. Amayi ankakazinga mandasi m'mamawa n'kukagulitsa pa siteji ya minibasi, moti chilichonse m'nyumba mwathu, mpaka makope anga a kusukulu, chinkamveka mafuta ophikira. Chipinda chathucho chinali chomata kumbuyo kwa nyumba yaikulu ya alandilodi, Mayi Kaphale. Khoma lathu limodzi linali khoma la kuchipinda kwawo kogona, ndipo silinkafika kumalata. Akatsokomola tinkamva. Akatsegula sutikesi tinkamva zipi. Mayi Kaphale anali mayi wathupi, wa mawu ozuna pagulu, mtsogoleri wa amayi a kutchalitchi kwathu amene ankasonkhana Lachinayi masana kupemphera m'makomo mosinthanasinthana. Koma pakhomo anali munthu wina. Chingwe cha padzuwa chinali chawo, ife alendi tinkayanika kumthunzi, pafupi ndi bafa.

Mwana wawo wamkazi, Loveness, ankandiposa pang'ono msinkhu, ndipo matama ndiye ankatiposa tonse. Ndiye anayamba kuvala jini yotambalala kumapazi mu mzere wathu wonse. Anali ndi nsapato zoyaka timagetsi tofiira kuchidendene, ndipo ankayenda mopondetsa dala kuti tione. Bambo ake akasiya foni ya m'manja patebulo, ija yokhala ndi tochi kumutu, ankatuluka nayo kudzationetsa, koma tiyambe taika manja kumbuyo. Ankati zala zathu n'zamafuta. Ponena zimenezo ankayang'ana ine.

Ndiye kutatsala pang'ono Khrisimasi kunabwera amalume a Yobe, mlongo wawo wa amayi, kuchokera ku Joni. Anatsika minibasi atavala jekete lachikopa ndi magalasi akuda, mvula ikuwaza. Amayi anawabweretsera bulangete lolemera la maluwa, ine anandipatsa kabokosi. Abale inu, wotchi! Inali yakuda, yapulasitiki, yaikulu kuposa dzanja langa. Ukadina batani la kumanzere inkayaka kuwala kobiriwira. Ukadina la kumanja, mzimayi wachizungu ankanena nthawi, mawu ake otulukira m'mphuno. Koma chimene anthu anapenga nacho chinali tambala. M'kati mwa kanthu kameneko munali tambala amene ankalira kokoliliko weniweni, mpaka nkhuku za pakhomo zinkatukula mitu. Amalume anatokosa timabatani ndi kamtengo ka machesi n'kutchera kuti tambalayo azilira tsiku lililonse masana, kumzikiti kukangotha kuitanira anthu ku swala, chifukwa imeneyo inali nthawi yoti ndikatunge madzi pa kiyosiki, ndipo ine ndikalowa mu fulaye ndinkaiwala ndowa.

Lamba wake anali wamkulu, choncho amalume ananditengera kumsika kwa Che Jafali, okonza mawotchi ndi mawailesi, amene anaboola bowo lina ndi msomali wamoto. Che Jafali anaitembenuzatembenuza, kuiika kukhutu, n'kuitana anzawo a m'mabenchi oyandikana kuti adzamve. Mlungu usanathe, dera lonse linkaidziwa wotchi imeneyo. Ana ankandilondola pobwera ku kiyosiki. Azibambo akuluakulu ankandiimitsa panjira kuti ndiwauze nthawi, chonsecho yawo ili padzanja. Ine mwana wa mayi wa mandasi, anthu ankandiitana ndi dzina langa, Tadala. Usiku sindinkaivula, ndinkagona dzanja lili pansi pa tsaya. Amalume sanakhalitse, anapitirira kumudzi kukadyera Khrisimasi, ndipo kuchokera kumeneko anabwerera ku Joni.

Masiku amenewo Khrisimasi sinkatha popanda kujambulitsa. Kunkabwera a Mbewe pa njinga, kamera ili pakhosi, n'kuima pa maluwa a pakhomo pa alandilodi. Ndipo panalibe munthu ankajambulitsa ndi zake zokha. Tinkabwerekana. Magalasi a uyu, chipewa cha uyo, wailesi ya kaseti ya anyamata a chipinda chakumapeto. Jekete limodzi linkapezeka pa zithunzi za mzere wonse. Ukakaniza mnzako chinthu pa tsiku limenelo, anthu ankakunena chaka chathunthu kuti ndiwe woipa mtima. Ndiye Loveness atatambasula dzanja osanena n'komwe kuti ndibwereke, ndinayang'ana amayi. Iwo anagwedeza mutu. "Mubwereke mnzako, Tadala."

Ndinamasula lamba n'kumupatsa. Loveness anaima pa maluwa, n'kugwira chibwano ndi dzanja lamanzere kuti wotchi iyang'ane kamera, mwendo umodzi kutsogolo kuti nsapato zioneke. A Mbewe atangojambula, iye anati akufuna akaonetse amayi ake, n'kulowa m'nyumba. Sanatulukenso. Nthawi yanga itafika, a Mbewe anati sangadikire wotchiyo chifukwa kumwamba kunkada, n'kundijambula choncho. Chithunzicho ndili nachobe: diresi lachikasu, dzanja lopanda kanthu, ndi nkhope yotupa ngati ndalumidwa ndi mavu.

Madzulo amayi anapita kukafunsa, ine ndili pambuyo pawo. Anagwada pakhomo la kukhitchini monga ankachitira nthawi zonse. Mayi Kaphale anatuluka akutokosa m'mano, fungo la nkhuku ndi mpunga likuwatsatira. "Iii, amake Tadala, mwanayu akuti anaisiya pakhonde, ndiye mwaona nokha ana anali mbwee pano. Yapita imeneyo. Mulungu ndi mboni, m'nyumba mwanga muno mulibe." Kenako anayang'ana kumbali n'kunena ngati akulankhula ndi mphepo kuti anthu ofuna zipinda achuluka masiku ano, tsiku lililonse akumagogoda. Amayi anawomba m'manja pang'onopang'ono. "Zikomo mayi, pepani takuvutitsani." Pepani! Atibera ife, opepesa tikhalenso ife.

Mawa lake masana ndinali chigonere pa mphasa, maso atatupa. Kumzikiti kunaitana, kunatha. Ndiye kuseri kwa khoma, pansipansi, ngati wina wamutseka pakamwa, tambala wanga analira. Ndinadzambatuka n'kukuwa kuti ndi imeneyo, koma mawu sanathe kutuluka, amayi anali atanditseka kale pakamwa ndi dzanja la ufa. Anandigwira gwa mpaka tambalayo anatha kulira. Uko kunamveka kukhulula kwa bedi, kenako wailesi inakwezedwa mpaka malata ananjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo, kumzikiti kukangoitana, wailesi ya kwa Kaphale inkakwera. Magetsi akazima, Mayi Kaphale ankayamba kukalipira Loveness mokweza popanda chifukwa, kapena kuimba nyimbo ya kutchalitchi akumenyetsa mbale. Kumutontholetsa tambalayo sankadziwa, chifukwa timabatani take tinkafuna kamtengo ka machesi ndi nzeru za amalume. Kupita nayo kumsika sakanatha, poti panalibe wokonza mawotchi amene Che Jafali sanamuitane kudzaimva.

Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti Mayi Kaphale sanakhale chete. Pa mapemphero a Lachinayi anapempha amayi anzawo kuti apempherere ana akuba a m'dera lathu, n'kutchula kuti tsiku lija anaona mdzukulu wa Mayi Phiri akuzungulirazungulira pakhonde. Mayi Phiri anali wamkulu pa amayi onsewo, munthu wosaseka zachibwana. Mdzukulu wawoyo anakwapulidwa ndi lamba mpaka anthu anachita kukaleretsa, akulumbira kuti sanatenge kanthu. Loveness yekha ankayendayenda ndi timagetsi take. Tsiku lina pa kiyosiki anauza mnzake, mokweza kuti ndimve, kuti achimwene ake amene ankaphunzira ku Zomba akadzabwera pa Isitala adzawapatsa mphatso yolankhula. Apo ndinadziwa kuti Isitala ikangofika, wotchi yanga idzakwera basi ndipo sindidzaimvanso.

Ndinasunga mangawa, ndipo ndinkawasamala ngati ndiwo. Potunga madzi ndinkalingalira zowachita. Pogona ndinkapemphera kuti dzanja la Loveness litupe, nsapato zake zizime, jini yake idyedwe ndi makoswe. Ndinagwira chule wonenepa ku ngalande n'kumulowetsa mu nsapato yake ina imene anaisiya pakhonde, ndipo kukuwa kumene anakuwa m'mawa mwake kunandikoma kuposa tiyi wa mkaka. Tsiku lina anayanika nsalu zoyera za pabedi pa chingwe chawo cha padzuwa chija, ine n'kudutsa ndi beseni la madzi otsukira chiwaya cha mandasi. Koma apo anandiona. Amayi anandikoka khutu mpaka pakhomo la kukhitchini, kundigwaditsa pa simenti yonyowa, n'kundiuza kuti ndipepese. Ndinapepesa mano ali okukuta. Nsaluzo ndinachapa ndekha, Loveness atakhala pa mpando akudya mango n'kumandiponyera makoko pafupi ndi mapazi.

Titalowa m'nyumba ndinawauza amayi mawu amene ndinali ndisanawauzepo. Ndinati ndinu amantha, mumangodziwa kugwada, bambo akanakhalapo sizikanatheka zimenezi. Ndinkadikira mbama. Iwo anangoti, "Wamaliza? Tenga ndowa." Kuyambira pamenepo mkwiyo wanga unagawika pawiri, wina wa kuseri kwa khoma, wina wa m'nyumba momwemo. Mandasi awo ndinasiya kudya.

Januwale anatha, chimanga cha m'timinda ta m'mbali mwa msewu chinamasula ngayaye, ndipo amayi anayamba zachilendo. Akamaliza kugulitsa sankabwera msanga, ankati akukaona odwala ku Chinsapo, ndipo ankabwerako matope ali m'miyendo. Bulangete la amalume linachoka, ati analibwereketsa. Kenako mpando wathu umodzi, kenako mphika waukulu. Ine ndinkati akugulitsa katundu, ndipo ndinkawanyoza chamumtima. Tsiku lina akundiluka tsitsi pakhomo, mutu wanga uli pakati pa mawondo awo, anandifunsa motsitsa mawu ngati nkhani wamba. Kodi tambala wako uja amalira kumzikiti kusanaitane kapena kutaitana? Nanga kukatha kuitana, pamapita mpata wotani, woti munthu n'kuimba ndime imodzi ya nyimbo? Ndinayankha mwamwano kuti akufunsiranji poti wotchiyo anaipereka okha. Anangondikoka tsitsi n'kupitiriza kuluka.

Lachinayi la mapemphero a kwa Mayi Kaphale linafika Isitala ili pafupi. Kunacha bwino tsiku limenelo, mvula itagwa usiku, ndipo kunja kunkanunkha dothi ndi polishi wofiira amene Loveness anapaka pakhonde. Pa masofa anayala madoilo atsopano, wailesi anaifunditsa kansalu koluka, thobwa lili mu ndowa pakona. Ana a alendi anatituma kunyamula mabenchi ndi makapu, ndipo titamaliza ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko. Amayi a kutchalitchi anadzaza pabalaza, mabulauzi oyera ndi maduku, fungo la sopo ndi mafuta odzola. Mayi Kaphale anayambitsa mapemphero msanga kuposa masiku onse, ndipo ankathamangitsa chilichonse. Nyimbo ankaidula pakati, mawu anawerenga ochepa, zolengeza anati zidikire mlungu wamawa. Dzuwa likadali pamwamba anafunsa kuti ndani atitsekere ndi pemphero.

"Nditseke ine, mayi." Anali amayi anga. Anthu anatembenuka, chifukwa amake Tadala sankapemphera pagulu, ankangokhala kumbuyo n'kumavomera. Mayi Kaphale sakanawakaniza pamaso pa anthu. Amayi anagwada pakati pa balaza, kutsinzina, n'kuyamba. Anapempherera odwala, m'zipatala ndi m'makomo. Anapempherera amasiye, akaidi, atsogoleri a dziko, mvula kuti isakokolole mbewu. Anapempherera madalaivala a minibasi ndi makondakitala awo, ana a sukulu, abale athu a ku Joni. Ma ameni a anthu anayamba kufooka, ena ankasinthasintha mawondo. Amayi anapempherera ogulitsa makala, osoka zovala, ngakhale agalu achiwewe kuti asalume ana. Ine ndinkachita manyazi, ndinkati lero ndiye atichititsa chipongwe. Ndiye kumzikiti kunaitana.

Ndinaona Mayi Kaphale akutsegula diso limodzi n'kuyang'ana wailesi pansi pa kansalu kake. Munthu ungayatse bwanji wailesi pakati pa pemphero, iwe mtsogoleri? Thukuta linatsika m'khosi mwawo. Anayesa kunena ameni wamphamvu kuti atseke, koma amayi anangokweza mawu n'kupitiriza. Apo ndinakumbukira funso la pa tsitsi lija. Kumzikiti kunatha. Amayi anapempherera eni nyumba ino, amene atisunga ife amasiye mwachifundo chotere. Kenako anati, "Ndipo tsopano, Ambuye, tikhala chete pang'ono pamaso panu, aliyense adzifunse yekha." M'nyumba monse munangoti zii. Kunkamveka ntchentche yokha pa ndowa ya thobwa.

Kokoliliko! Kuchipinda kogona, chitseko chili chotseka, koma momveka bwinobwino. Analira, n'kuliranso. Panalibe mayi m'nyumbamo amene sankamudziwa tambala ameneyo, ambiri a iwo anandiimitsapo panjira kuti amumve. Maso anatseguka mmodzimmodzi. Amayi anga okha anali chitsinzinire, ndipo anadikira tambala amalize asananene modekha kuti ameni. Mayi Phiri anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo. "Mayi Kaphale, imeneyo si wotchi ya mwana wamasiyeyu? Ija anakwapulidwira mdzukulu wanga?" Mayi Kaphale anati mwina ndi nkhuku ya aneba. Mayi Phiri ndi mayi wina anawaperekeza kuchipinda. Tonse tinamva zipi. Inali m'sutikesi pamwamba pa kabati, pansi pa mabulangete, atayikulunga m'duku loyera la kutchalitchi.

Mayi Phiri anandimanga okha wotchiyo padzanja, pa bowo lomwe lija la Che Jafali. Ine ndinadina batani la kumanja, mzungu uja n'kunena nthawi pakati pa balaza. Ndinadinanso. Ndinadinanso kachitatu ndikuyang'ana Mayi Kaphale m'maso, iwo maso ali pa simenti. Chisoni ndinalibe ngakhale pang'ono, ndisaname, ndinkangomva kukoma thupi lonse. Amayi aja anatuluka mmodzimmodzi osatsanzika. Thobwa palibe analikhudza.

Womaliza atangopota pa geti, Mayi Kaphale anaphulika. Anatitukwana ife, malemu bambo, mandasi, mpaka amalume a ku Joni. Anati tituluke m'nyumba mwawo lero lomwe, tikagone pamsewu tione ngati wotchi imafunda. Apo mantha anandigwira koyamba, chifukwa za pogona ndinali ndisanaziganizireko. Amayi anagwada pakhomo la kukhitchini paja, kuwomba m'manja monga mwa masiku onse. "Zikomo mayi, mwatisunga. Katundu tamanga kale, galimoto ikubwera." Ndinathamangira m'chipinda chathu. Mphasa inali yopindidwa, mbale zili m'thumba, chiwaya chili chomangidwa m'chitenje. Pa msomali panatsala diresi langa lachikasu lokha, kudikira mwini wake.

Dzuwa lisanalowe kanafika kapikapu ka m'bale wawo wa Che Jafali. Ndinakwera kumbuyo, pamwamba pa matiresi. Loveness anaima pakhonde lake lofiira, nsapato zili kumapazi, osaponda. Galimoto itayamba kuyenda ndinagwira chibwano ndi dzanja lamanzere, wotchi kuyang'ana kwa iye, mwendo umodzi kutsogolo, ndipo ndinakhala choncho mpaka tinakhota. Ku Chinsapo tinapeza kachipinda kopanda magetsi, koma khoma lake lofika kumalata. Bulangete la amalume, mpando ndi mphika waukulu zinali momwemo. Usiku umenewo ndinadya mandasi otsala onse.

Wotchiyo inafa chaka chotsatira, italowa madzi a mvula, ndipo Che Jafali anati palibe chochita. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amayi anasanduka munthu wina tsiku limodzi, kuti mantha anawachokera mwadzidzidzi pakati pa pemphero. Pano ndili ndi ana anga m'nyumba ya lendi, ndipo alandilodi akandilankhula zopweteka ndimamva pakamwa panga pakutuluka zikomo yemwe uja. Ndimadziwa tsopano kuti munthu amene ankanditseka pakamwa ndi dzanja la ufa ankamumva tambala uja tsiku lililonse monga ine, ndipo ankapsa kuposa ine, kungoti ine ndinkasaka achule pamene iwo ankasaka denga. Amayi akalamba tsopano, maso ayamba kuchita khungu. Ndikawakumbutsa za Lachinayi lija n'kuwafunsa kuti anayamba liti kulikonza, amakana. "Ine ndinkangopemphera, mwanawe." Akatero amaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndimachita kuwatungira madzi.